Galimoto ya a Fackson M'nthochi

Galimoto ija inalowa m'mudzi wina wa ku Khwethemule mu 1947 ikukokedwa ndi ng'ombe ziwiri. A Fackson, amene ntchito yawo inali yothira girizi mashini a pa fakitale ya tiyi, anali pachiwongolero atawongola khosi ngati bwana, chikhalirecho matayala onse anayi anali ophwa. Mzungu wa pa esiteti pobwerera kwawo anaisiya kuseri kwa shedi, nawauza kuti ngati ali ndi mtima atenge chitsulocho.

Mtima anali nawodi. Chimene chinawapweteka ndi pakamwa. Tsiku lomwelo, anthu ali piringupiringu kudzaona, analonjeza akazi awo, a Lestina, kuti ukwati wawo, umene unali wa ankhoswe okha, adzakaudalitsa kutchalitchi atakwera galimoto imeneyi, osati wapansi ngati anthu wamba.

"Mayi a Salome, musadandaule," anatero akusisita boneti. "Next month yadzuka imeneyi."

A Lestina anavomera, pakuti nthawi imeneyo anali akadakhulupirira mawu a mwamuna. Koma ukwati wosadalitsa uli ndi zowawa zake. Mgonero sudya, ndipo Lachinayi amayi a Mvano akamadutsa atavala zoyera, iwe umangowapatsa moni uli ndi khasu m'manja.

Mwezi wamawa uja unatalika. Loweruka lililonse akaweruka, a Fackson ankalowa kunsi kwa galimoto, kunja kukungooneka zidendene. Lamba wa injini anasema kuchokera ku chikopa cha ng'ombe, mipando anasoka ndi masaka akale a tiyi. Tayala lina analisenza pamutu kuchokera ku Bvumbwe, n'kufika nalo ali wefuwefu, kungoona kuti ndi lalikulu. Sanakhumudwe. Analikoleka mumtengo n'kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhuku zokha ndizo zinapindula msanga, chifukwa mpando wakumbuyo zinausandutsa poikira, ndipo anapiye ambiri a m'mudzimo anabadwira m'galimoto imene mwini wake anali asanayendemo.

A Lestina sanali munthu wolongolola. Mvula yoyamba ikagwa chaka chilichonse, ankatenga mphukira imodzi ya nthochi n'kuibzala pafupi ndi galimotoyo.

"Kuti dzuwa lisawotche penti," ankatero.

A Fackson ankathokoza ndi mtima wonse, n'kukauza anzawo ku fakitale kuti iwo ndiye anakwatira mkazi wodziwa za magalimoto. Mwamuna woti maso ake ali mu injini, ngakhale umuvinire tchopa pakhomo, saona kanthu.

Nthochi ya ku Thyolo sifuna woinyengerera. Inabereka ana, anawo nabereka awo. A Fackson ankangoyamikira mthunzi, n'kumalowa chammbali pakanjira kopapatiza, sipanala ili m'thumba. Mwana wawo Salome, amene anali ndi zaka zisanu galimoto ikubwera, anakula, napeza mnyamata, nakadalitsa ukwati wake wapansi. Mayi ake anakhala pabenchi yakumbuyo.

Ndiye kunacha Loweruka lina mu 1961. A Fackson anathira petulo, analavulira m'manja, napukusa hendulo monga ankachitira zaka zonsezi. Injini inatsokomola. Anapukusanso. Inatsokomola kawiri, kenaka inabangula, utsi wakuda uli tolo! Nkhuku zinatulukira m'mawindo. Mudzi wonse unathamangira konko, amayi akululutira, ena akuseka mpaka kugwira nthiti. A Fackson anadumphira pachiwongolero misozi ili m'maso, analiza hutala, nakweza mutu kuti aone njira.

Njira panalibe. Kutsogolo nthochi, kumbuyo nthochi, uku ndi uku nthochi zonenepa, zina zitalendewera mikoko.

"Chikwanje!" anakuwa. "Wina andipatse chikwanje!"

A Zakeyu, malume awo a Lestina, amenenso anali nkhoswe ya banjali, anayandikira pang'onopang'ono natsamira pachitseko.

"Akamwini, mwati chikwanje? Nthochi izi n'zanu kodi? Inutu pano munabwera ndi bulangete limodzi ndi sipanala. Dothi ili n'la mwana wathu, chomera pamenepa n'chake. Mkamwini asamakule mwendo."

Anthu anaseka, ndipo a Fackson anafuna kuseka nawo. Koma maso awo anagwera pa a Lestina, amene anaima kumbuyo kwa gulu manja atapinda pachifuwa. Anaona imvi zikusuzumira m'mphepete mwa duku. Zinabwera liti imvizi? Anayang'ananso nthochi zija, ndipo kwa nthawi yoyamba anawerenga matsinde akuluakulu. Analipo khumi ndi anayi, limodzi pa chaka chilichonse chimene mkazi wawo anakhala pabenchi yakumbuyo. Manyazi ndi chisoni zinawagwira.

Anazimitsa injini. Kunangoti zii. Anatsika, navula chipewa, nanjuta pamaso pa akazi awo anthu onse akuona.

"Mayi a Salome, ndakulakwirani kwambiri. Chitsulochi chisiyeni chiwolere momwemu. Mawa tilawirire kwa abusa. Tipita wapansi."

A Lestina anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenaka anatembenuka n'kulowa m'nyumba. A Fackson mtima unagunda, poti mkamwini amadziwa kuti mkazi akalowa m'nyumba chonchi akhoza kutuluka ndi bulangete lako. Koma a Lestina anatuluka ndi chikwanje.

"Wapansi?" anatero. "Zaka zonsezi ndadikira galimoto, nkhuku zandipitirira kukwera, ndiye lero mukuti ndikafike kutchalitchi ndi fumbi m'miyendo? Bambo a Salome, musandiseweretse."

Anapita pa tsinde lalikulu kuposa onse, lija anabzala chaka choyamba, naliwaza katatu. Linagwa phii, mkoko wake n'kumwazika pansi. A Zakeyu anatsegula pakamwa, koma a Lestina anawaloza ndi chikwanje.

"Malume, mwanena nokha kuti n'zanga."

Anapukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje, natembenukira kwa amuna awo, amene anali chinjutire chipewa chili m'manja.

"Dzukani mukapukuse chinthu chanucho chisanasinthe maganizo. Ndipo mazira a kumpando wakumbuyowo muchotse. Pamenepo ndi panga."