Mwana wa Namphepo

"Masiku makumi anayi apitirira tsopano," anatero Mayi Ivy Pallister atatsamira chitseko cha khola. "Paterson, kodi hatchi imachedwa chonchi kubereka?"

Paterson Kamtedza anapitiriza kupesa hatchiyo osatembenuka.

"Zimachitika, madamu. Yakula."

"Tonse takula," anatero mayiwo, n'kubwerera kunyumba pang'onopang'ono ndi ndodo yawo.

Mayi Ivy anali Mngerezi wamasiye, mwini kafamu kunja kwa Romford, kumene nyumba za London zimathera n'kuyamba minda. Pafamupo chinthu chodzitamira chinali chimodzi, hatchi yaikazi imeneyi. M'mabuku dzina lake linali Lady Corbel, koma Paterson ankaitchula Namphepo, ngati mayi wolemekezeka wa kwawo ku Dowa.

Ulemuwo inachita kuugwirira ntchito. Kuyambira 1971 mpaka 1973 inathamanga mijaha khumi ndi inayi n'kupambana khumi ndi umodzi. Tsiku lina mvula ikukhuthuka inaterereka poyambira n'kutsalira kumbuyo kwa zinzake zonse, mpaka amene anaibetchera anayamba kung'amba matikiti. Inazipitirira imodziimodzi n'kufika yoyamba, matope thupi lonse. Paterson ndiye anaifunditsa bulangete tsikulo. Munthuyu kwawo anali mphunzitsi, koma atathawa zandale mu 1965 ntchito imene anaipeza ku England inali yowola ndowe m'makola a mahatchi amijaha. Namphepo atapuma pa mijaha anakana kudya kwa sabata yathunthu, mpaka banja la a Pallister linatuma munthu kukatenga Paterson. Chiyambire pamenepo awiriwa sanasiyanepo.

Azungu ndi anthu odabwitsa. Munthu woyandikana naye nyumba samudziwa dzina, koma makolo a hatchi amawalemba m'buku lalikulu kubwerera m'mbuyo zaka mazana awiri. Mayi ake a Namphepo anali Corbel Maid, agogo ake Grey Corbel, ndipo mzere wa akaziwo unkapitirira mpaka masiku a mfuti zagogodera. Zimenezi Paterson ankazikonda, poti kwawonso mtundu umayenda ndi mayi. Vuto linali lakuti Namphepo ndiye anali mkazi womaliza pa mzerewo. Ana ake asanu onse anali amphongo, ndipo mwamuna wa Mayi Ivy pomwalira anasiya mawu akuti mzere usathe. Chaka chathachi, hatchiyo ili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, dokotala wa ziweto ananena kuti ayese komaliza. Anaitumiza ku Newmarket kwa mphongo yotchuka, inabwerako mu Meyi, ndipo mu Ogasiti dokotala anatsimikiza kuti ili ndi bere.

Chimene Mayi Ivy sankadziwa chinachitika mu Juni. Tsiku limenelo Paterson analandira kalata yodzera ku Lusaka, yonena kuti mayi ake anamwalira ndipo anaikidwa miyezi inayi yapitayo. Anakakhala kuseri kwa khola n'kuiwerenga mobwerezabwereza, geti la kubusa ataliiwala losatseka. Kuseri kwa getilo kunkakhala Duke, hatchi yamphongo yamawangamawanga ya Harry Tibbs, nkhalamba yotola zitsulo zakutha pangolo, imene Mayi Ivy anaipatsa kangodya ka busa mwachifundo. Paterson pokumbukira geti anapeza ntchito itatha kale. Anathamangitsa Duke, anatseka geti, n'kutsekanso pakamwa.

"Mwawauza?" anafunsa mkazi wake Rose madzulo a tsiku limene Mayi Ivy anadabwa ndi kuchedwa kwa hatchi, iye asanavule ndi jekete yomwe.

"Ndiwauze chiyani? Mwina ndi wa ku Newmarket komweko."

"Bambo a Louisa, ine ndabereka ana atatu, masiku ndimatha kuwerenga. Mlandu suola."

"Chabwino, tinene kuti ndi wa Duke. Ndiye kuti si mwana wa Namphepo? Make mbuu, mwana mbuu. Mwamuna ndi tambala chabe, amabwera n'kupita."

"Zimenezo mukanene ku Dowa. Kuno amayamba kufunsa surname." Rose anamuikira tiyi patebulo. "Auzeni mawa first thing. Akakuchotsani jobu, ku hospital kwathu akufuna ma porter okankha odwala daily."

"Nkhani si jobu, Rose."

"Ndikudziwa. Ndi akazi anu aakulu a m'khola aja. Ine ndine wachiwiri, ndinazolowera."

Rose anaseka, koma mwamuna wake sanaseke. Paterson anali ndi mantha. Dziko analitaya, mayi ake sanawaike, ana ake ankamuyankha m'Chingerezi. Malo okhawo amene ankamva kuti akufunika anali m'khola muja, pamene Namphepo ankamva nsapato zake ali kutali n'kuyamba kugogoda chitseko ndi chiboda. Anaganiza zoti adzanena mawa lake. Mawalo litafika anati adikire sabata ithe.

Hatchi inabereka Lachiwiri m'mawa dzuwa litatuluka kale, Paterson ali yekha. Kamwanako kanali kakakazi, kamoyo, kamphamvu. Kanalinso koyera ndi mawanga akuda ngati ng'ombe yamkaka, ndi ubweya wautali kumapazi. Paterson anakapukuta ndi udzu wouma. Namphepo anatembenuka n'kuyamba kukanyambita, ndipo iye monga mayi sanaonepo cholakwika chilichonse.

Mayi Ivy anafika akupuma mofulumira, atavala khoti pamwamba pa zogonera.

"Ndi wamkazi?"

"Wamkazi, madamu."

Anamwetulira n'kusuzumira m'khola. Kumwetulirako kunatha. Anayang'ana kamwanako nthawi yaitali, kenako anayang'ana kubusa kumene Duke ankadya udzu.

"Kandiitanire Harry."

Harry anabwera chipewa chili m'manja. Anali munthu wamfupi, wopanda mano akutsogolo, ndipo ataona kamwanako anayamba kutuluka thukuta ngakhale kunkazizira.

"Zaka makumi awiri ndakusunga pamalo anga," anatero Mayi Ivy. "Chimene ndinakupempha n'chimodzi, kuti chilombo chakocho chisadutse geti. Pofika madzulo ano uchoke nacho."

"Mayi, ndikulumbira, geti limenelo ine sindiligwira n'komwe. Ndimatulukira kumsewu."

"Ndiye linadzitsegula lokha?"

"Ndipita naye kuti Duke? Ndimakhala m'chipinda chimodzi. Ndikachoka pano ndiye kuti ndikamugulitse kwa opha nyama."

"Zimenezo ukanaganiza chaka chatha."

Paterson anaima pakona atagwira ndowa. Palibe amene ankamuyang'ana. Akanangokhala chete mphindi zina zisanu, Harry akanatuluka, nkhani ikanathera pomwepo, ndipo iye akanakalamba limodzi ndi Namphepo. Anazifuna zimenezo ndi mtima wake wonse. Koma Harry anali atayamba kupukuta maso ndi chipewa chija.

"Ndine, madamu."

Mayi Ivy anatembenuka.

"Geti ndinalisiya ndine. Mu Juni, tsiku limene ndinamva za maliro a mayi anga. Ndinazipeza zili limodzi. Harry sakudziwa kanthu."

M'kholamo munangomveka kamwana kakufunafuna bere la mayi ake.

"Ndikukumbukira tsikulo," anatero Mayi Ivy motsitsa mawu. "Ndinakuuza kuti upite kunyumba ukapume, unakana." Anakhala pabelo la udzu. "Geti aliyense akhoza kuiwala, Paterson. Ukanandiuza tsiku lomwelo, dokotala akanaibaya jekeseni kuti bere la Duke lisagwire, tikanaibweza ku Newmarket mwezi womwewo. Nthawi inalipo. Wandiona miyezi khumi ndi umodzi ndikusankha mayina."

"Madamu, taonani miyendo yake. Taonani khosi. Ndi Corbel ameneyu. Kwathu mwana ndi wa mayi ake, za bambo sitifunsa kwambiri. Mzere sunathe, ndi uwu waimirira apawu."

"Buku limafunsa onse awiri. Mmenemo salowamo, ngakhale ana ake, ngakhale zidzukulu zake. Sadzaponda pabwalo la mjaha."

"Koma magazi..."

"Bambo Kamtedza," anamudula mawu mayiwo, ndipo chiyambire anali asanamutchulepo choncho, "Lachisanu mudzandisiyire makiyi. Sindikukuthamangitsani chifukwa cha geti. Kungoti sindingathe kumakufunsani kanthu m'mawa uliwonse n'kumadabwa ngati mwandiuza zonse."

Paterson sanachonderere. Madzi akatayika saoleka. Masiku atatu otsalawo anagwira ntchito ngati kale, ndipo Lachisanu analemba papepala zimene Namphepo amadya, zimene amadana nazo, ndi mwendo umene umatupa kukazizira. Pepalalo analikhoma pachitseko, makiyi anawapereka kukhitchini. Ali pageti lakumsewu anamva chiboda chikugogoda chitseko, ndipo chinagogodabe mpaka basi inabwera.

Kamwanako katasiya kuyamwa, Mayi Ivy anakapereka kwa Harry. Namphepo anamutumiza kwa mdzukulu wawo kumpoto, famu n'kuigulitsa. Paterson analembera mayiwo makalata awiri kufunsa adiresi ya kumpotoko, koma yankho silinabwere. Anayamba ntchito kuchipatala, yokankha odwala pamipando yamatayala, ndipo anzake ankamudziwa ngati mdala wosalankhulalankhula. Rose anasiya nthabwala ya akazi aakulu.

Patapita zaka zitatu, m'mawa wina wa Novembala, Paterson akudikira basi pafupi ndi msika wa Romford anamva belu ndi mawu a munthu woitanira zitsulo. Pakona panatulukira ngolo yodzaza mbaula zakutha, mabedi adzimbiri ndi bafa long'aluka. Imene inkakoka sinali Duke. Inali yaikazi yamawanga, yaitali kuposa hatchi zangolo, ndipo inkaponda mwansanga, khosi litatambasuka, ikulimbana ndi zingwe.

"Paterson!" anakuwa Harry, akukoka zingwe ndi manja onse. "Ndi iyeyu mwana uja. Ndinamutcha Patsy, dzina lako. Duke anafa chaka chatha."

Ngolo inaima. Paterson anayang'ana mapewa a hatchiyo pamene zikopa zinadya ubweya n'kusiya zipsera.

"Amakoka bwino?"

"Mphamvu ali nazo, koma ndi wamisala. Akangoona msewu wowongoka amafuna kuthamanga, ngolo ndi mbaula zomwe. Mikono yanga yatha. Ndamugulira chitsulo cham'kamwa cholimba, mwina aphunzira kuyenda ngati hatchi yantchito." Harry anatsokomola. "Za mayi ake a Patsy unamva? Anafa chaka chomwe chija. Akuti kumpotoko sankadya bwino."

Paterson anali asanamve. Anagwira chitsulo cha pamalo okwerera basi.

"Tabwera umugwire," anatero Harry. "Saluma."

Hatchiyo inatembenuza mutu n'kumuyang'ana, makutu ali chilili. Paterson anatulutsa dzanja m'thumba, kenako analibwezeramo.

"Ndachedwa kuntchito, Harry."

Harry anagwedeza zingwe. Patsy anadumpha kufuna kuliyatsa liwiro, mbaula zinagundana, ndipo nkhalambayo inakoka mwamphamvu mpaka mutu wa hatchi unapindikira pachifuwa. Ngolo inapita pang'onopang'ono kulowera kumsika. Basi inabwera n'kupita, Paterson ali chiimire pomwepo.