Kutsidya kwa Ngalande ya Akasinja

Mayi Hermínia anafika pa ngalande atavala kale za kutchalitchi, n'kupeza mtengo wowolokerapo utathyoka pakati. Madzi a mvula anali atadzaza pansi. Anaima pamenepo akumva nyimbo zikuyamba kutsidya, kenaka anabwerera kunyumba, navula nsapato.

Ngalandeyo inakumbidwa nthawi ya nkhondo. Asilikali anagwira amuna a m'mudzimo, kufupi ndi Mongue, kuti aikumbe, ati akasinja a adani akabwera azikakamira momwemo. Inali yakuya kuposa msinkhu wa munthu, ndipo inayambira kuphiri mpaka kudambo. Anthu atabwerako ku misasa ya othawa nkhondo ku Malawi, ambiri anamanga mbali ya kumsewu. Koma a Julião, amuna awo a Hermínia, anakonda nthaka yakuda ya kutsidya, ndipo chaka chilichonse ankagwetsa mtengo watsopano n'kuuyala pa ngalandepo. Tsopano a Julião anali kumanda. Mwana wawo Nelsa anakwatiwa ku Muloza, ku Malawi. Amayi a mpingo ankati akafika pa mtengo wofumbwawo, ankangokuwa moni n'kubwerera.

Madzi ataphwera, Mayi Hermínia anatsikira m'ngalandemo, nakwera mbali inayo chokwawa, napita kwa a Gaspar, amene ankalima moyang'anizana nawo, mbali ya kumsewu. Awiriwa ankaitanana komadre ndi kompadre, monga achitira anthu olumikizana pa ubatizo wa mwana. Anawapempha kuti asonkhanitse amuna akwirire kadera kochepa, pokwana kudutsa njinga. A Gaspar anakana. Anati bambo awo anakumba nawo ngalandeyo, ndipo mpaka imfa yawo ankaletsa ana kukhudzamo ndi khasu. Ochotsa mabomba anadutsadi kalekale, koma ndani anaona ngati anafika paliponse?

"Ndiye ndikwirira ndekha," anatero Mayi Hermínia.

"A komadre, ukapanda mano usamaswe phale," anaseka a Gaspar. "Msana umenewo ndi wa mtsikana?"

"Msana ndi wanga, a kompadre. Inu sungani wanu, mudzauvale pa Khirisimasi."

Anayamba m'mawa mwake. Ankagumula dothi la m'mphepete, n'kumalikankhira pansi ndi khasu, kwinaku akutuntha miyala ndi dengu. Ntchito inkayenda pang'onopang'ono. Odutsa kumsewu ankaima n'kuyang'ana, ena ankati agogo ayamba kusokonezeka. Madzulo ankadya mbatata atakhala pakhomo, akulankhula ndi mbuzi zawo ziwiri.

Tsiku lina khasu linagunda chitsulo. Iwo anayesa chiwaya chakale, nachotsa dothi ndi dzanja. Chinali chozungulira, chadzimbiri, chokhala ndi chivindikiro pakati. Anachizindikira. Ku msasa, asanabwerere kwawo, anawaonetsa zithunzi za zinthu zotere: mina ya akasinja, bomba lotha kunyamula lole.

Anakhala chogwada nthawi yaitali. Panalibe woti amuitane. Kenaka anabwerera chambuyo, akuponda momwe anaponda kale, mpaka anafika pamwamba. Apo ndi pamene anakuwira a Gaspar.

Masana ake kunabwera sekeretariyo wa mudzi ndi apolisi awiri. Anazika zikhomo zofiira m'mbali zonse za ngalande, nalengeza kuti pasapezeke munthu wowoloka kapena kulima pafupi mpaka akatswiri atabwera kuchokera ku Quelimane. Atafunsidwa kuti abwera liti, wapolisi wamkulu anangotambasula manja. Theka la munda wa nandolo wa Mayi Hermínia linagwera mkati mwa zikhomozo.

Njira yokhayo inatsala inali yozungulira kudambo, ya matope ofika m'mawondo. A Gaspar anaiyenda kamodzi, atanyamula mchere ndi usipa. Sanasekenso. Anakhala pa mpando wa a Julião akupotokola chipewa chawo, nati zikanakhala kuti anasonkhanitsa amuna aja, wina akanamenya ndi piki.

"Nanga ine ndinalakwa kufuna njira?" anafunsa Mayi Hermínia.

"Simunalakwe. Analakwa amene anakwirira chinthucho n'kupita kwawo."

Nandolo anachita maluwa, akatswiri osabwera. Nelsa atamva, anafika pa njinga ya hayala mpaka kumsewu, nadutsa kudambo nsapato zili m'manja. Anapeza amayi ake ataonda, akutsokomola. Anawauza kuti ku Muloza wawakonzera chipinda, ndipo ulendo uno sabwerera yekha.

"Ku Malawi ndinapitako kale chothawa," anatero mayiyo. "Ndinalumbira kuti sindidzathawanso."

"Mamá, mukadwala usiku, adzakumvani ndani kuno?"

Mayi Hermínia anatuluka, nakaima pafupi ndi zikhomo, akuyang'ana kadera kamene anakwirira kaja. Kanali katatsala pang'ono kufika pakati. Atabwerera anauza Nelsa kuti amange katundu.

Mbuzi anazipereka kwa a Gaspar, amene anadzazitenga kudzera kudambo. Mbewu ya nandolo anaimanga pa nsonga ya chitenje. Nkhuku anazigwira zonse kupatula thadzi limodzi lomwe linathawira m'zikhomo, kumene kunalibe amene akanalitsatira. Mayi Hermínia analiitana kangapo, osabwera. Anamwaza gaga pakhomo, nathira madzi m'phale, natseka chitseko, n'kutsatira mwana wawo.