Chimene Chinali M'dzanja Linalo

Ndinali pakati pa mutu wa anesi, kasitomala wanga wogwira ntchito kuchipatala, chipeso chili kukamwa, zala zili m'tsitsi, pamene anagogodanso. Sikunali kugogoda kwa munthu wofuna kulukitsa ayi. Wolukitsa amagogoda uku akulowa, moni n'kuperekera pampando.

"Alendo anu aja," anatero anesi osatembenuka.

"Ndi alendo a chitseko amenewo, si anga."

Nditatsegula ndinapeza atsikana awiri ndi mwamuna wamagalasi, onse atavala zakuda bii dzuwa likuswa mtengo. Mtsikana mmodzi anali atapinda dzanja lamanzere kumbuyo, lamanja lili m'malere kufuna kugogodanso, mnzake akumujambula pa foni. Atandiona anangoti kukamwa yasa.

"Ndi iwowa," ananong'ona wojambulayo. "Ndi mayi a m'nyimbo aja."

Ndiyambe ndakuuzani za nyimboyo. Bambo wa mwana wanga ndi woimba roko, nyimbo zija za magitala aphokoso, yemwe omutsatira amam'tcha Chiphaliwali. Tinasiyana mwana akuyamwa. Patapita zaka zingapo anatulutsa nyimbo imene inam'chotsa m'timabala n'kumuika pa wailesi iliyonse. Magitala amalira ngati akuwapotokola khosi, kenako zonse zimati zii, iye n'kuimba ndi timawu tachisoni:

"Ndinagogoda ndi dzanja limodzi,
linalo linali kumbuyo.
Sunafunse chimene ndakutengera,
unandisiya pamvula."

Kuyambira pamenepo anthu sanagone nalo dzanja linalo. Ena ankati munali maluwa, ena mphete, ena tinsapato ta mwana. Ophunzira kwambiri ankati dzanjalo linali lopanda kanthu, ndipo kupanda kanthuko ndiye chikondi chenicheni. Panalinso ena oti chitsekocho si chitseko koma imfa. Amenewa ndinkawakonda, chifukwa sankabwera kwathu. Mwiniwake akafunsidwa ankangomwetulira n'kuyang'ana pansi ngati mkwatibwi.

Zinaipa pamene wina anafukula chithunzi chakale, n'kuzindikira nyumba yanga, imene chipinda chake chakutsogolo ndi saluni. Pasanathe mwezi unasanduka mwambo wawo: aliyense wokonda bandi ya Chiphaliwali ayenera kudzagogoda pa chitseko changa kamodzi pa moyo wake, dzanja lina lili kumbuyo. Ena ankasisita timaenje tili pafupi ndi loko, n'kumati taonani mmene anagogodera mpaka thabwa kulowa. Ndinkawayang'ana pawindo, mtima ukuwira.

Wamagalasi uja anavula chipewa. Anati ndiye tcheya wa gulu la otsatira bandi, ndipo wabwera ndi uthenga wabwino.

"Mayi, Loweruka likubwerali masana, Chiphaliwali mwiniwake afika pano. Adzagogoda monga mu nyimbo muja. Inu mudzangotsegula basi. Ndiye kwa nthawi yoyamba adzaonetsa dziko lonse chimene chinali m'dzanja muja."

"Dziko lonse lidzakwana pakhonde pangapa?"

"Tidzajambula kanema, mayi. Taganizani, anthu akhala akukunenani zaka zonsezi kuti ndinu ouma mtima. Uwu ndi mwayi wanu woyeretsa dzina."

"Dzina langa ndimachapa ndekha, achimwene. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Ine m'mimba mwanga muli bwinobwino."

Anesi anaseka mpaka chingwe chimene ndinali kuluka chinamasuka. Tcheya anakonza magalasi ake, n'kundiyang'ana mwachifundo ngati ndine wodwala.

"Mwina simunaimvetse bwino nyimboyi. Mukaimvera mofatsa, mvula ija ikuimira..."

"Kunalibe mvula," ndinam'dula. "Anali masana ngati ano, zovala zanga zili pachingwe."

"Mvula ya mumtima, mayi."

Ndinatseka chitseko mphuno yake itatsala pang'ono kutsalira mkati.

Akanakhala tcheya yekha, nkhaniyi ikanathera pomwepo. Koma m'nyumba mwanga momwe munali wotsatira bandi woposa onsewo. Mwana wanga, yemwe makasitomala anam'patsa dzina loti Kachipeso chifukwa anakulira pansi pa mipando ya saluni, anali atangomaliza sekondale. Khoma la kuchipinda kwake silinkaoneka ndi zithunzi za bambo ake. Anali atayamba kuimbirana nawo foni mobisa, ndipo madzulo a tsiku limenelo, tikusesa tsitsi, anaulula yekha.

"Adadi akuti mukatsegula, zonse zitha. Azibwera kudzationa."

"Ndikapanda kutsegula?"

Anaimika tsache. "Akuti ndipite nawo. Ndizikakhala kwawo, ndiziyenda ndi bandi. Akuti mwana asakulire m'nyumba yotsekera anthu kunja."

Ndinakhala pampando wa makasitomala, ndikudziona pagalasi ngati mlendo. Zaka zonsezo ndinali nditasunga pakamwa panga, poganiza kuti mwana asamasenze katundu wa akuluakulu. Tsopano kukhala chete kwangako ndi kumene kunali kundilanda mwana.

"Khala pansi," ndinatero. "Ukufuna kudziwa chimene chinali m'dzanja muja? Inali nyundo."

Anandiyang'ana osaphethira.

"Ndinali nditam'thamangitsa dzulo lake, atandimenya iwe uli kumsana. Anabwerera masana. Dzanja limodzi ankagogoda mwaulemu, akuitana dzina langa mokoma. Ine ndinasuzumira pawindo la m'mbali, n'kuona mpini ukutuluka kumbuyo kwake. Nditakana kutsegula ndi pamene anayamba kumenya loko. Timaenje amasisita anzako aja ndi timeneto."

"Bwanji simunanene kalekale?"

"Anandifunsa ndani? Anthu akufunsana okhaokha pa intaneti usana ndi usiku, wina mpaka analemba kuti dzanjalo likuimira dziko losauka. Palibe anabwera kudzati, mayi inu munali mkati, munaona chiyani?"

Kachipeso anapukusa mutu. Misozi inali italengeza, koma inali yaukali.

"Munthu wa nyundo sangaimbe choncho, amayi. Mumve mmene mawu awo amanjenjemerera akafika pa mvula paja. Anthu onse aja akunama, inu nokha ndiye olondola? Mukungowawidwa mtima chifukwa anatchuka."

Mawu amenewo anandibaya, sindibisa. Ndinafuna kum'gwira mapewa n'kum'gwedeza mpaka nyimboyo ituluke m'makutu. Koma ndinameza mate.

"Ine sinditsegula," ndinatero. "Ngakhale abwere ndi wailesi zonse. Sindinalakwe tsiku lija, ndipo sindipepesa pa kanema wa munthu."

Loweruka linafika. Ndinakana kutseka saluni, ndipo anesi anabwera dala kudzamasulitsa tsitsi lomwe linali lisanathe n'komwe sabata. Anati nkhani yotere sangaimvere kwa anthu. Pofika masana msewu wathu unali utadzaza zovala zakuda. Ena anakwera pampanda wa aneba, ena pamwamba pa galimoto. Tcheya ankathamangathamanga ndi chinkuzamawu, akuuza anthu poima.

Ndinakiya chitseko, kiyi n'kumusiya pomwepo. Kachipeso anatuluka kuchipinda atavala malaya a bandi okhala ndi nkhope ya bambo ake, chikwama chili kumsana, china m'manja. Anaika cha m'manjacho pafupi ndi chitseko osandiyang'ana.

"Mubise kiyiyo," anandinong'oneza anesi.

"Ayi. Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha."

Ndinayankhula molimba. Koma ndinkadziwa kuti mwanayo akangopotokola kiyi uja, atuluka, ndipo sindinkadziwa ngati adzabwerenso.

Kunja kunabuka mfuu. Gitala inalira, anthu n'kuyamba kuimba onse pamodzi. Kenako kunati zii, ndipo ndinamva mapazi akukwera pakhonde. Zaka zonsezo zinali zitapita, koma mayendedwe ake ndinawazindikira. Anagogoda pang'onopang'ono, n'kuimba ndime ija ndi mawu onjenjemera aja. Kunja atsikana ena ankalira mokweza.

Ine ndinapitiriza kumasula tsitsi.

Anagogodanso. "Mayi a mwana wanga," anatero pa chinkuzamawu, "ndabwera. Nditsegulireni."

Kachipeso ananditembenukira. "Amayi, chonde."

"Chitseko ndi chakonso ichi. Koma dzanja langa silikhudza kiyi ameneyo."

Anayenda mpaka pachitseko n'kugwira kiyi. Anaima pamenepo, mutu atautsamiritsa pathabwa, akupuma ngati wathamanga. Kunja anthu anali atayamba kung'ung'udza. Wina anaseka. Wina anakuwa kuti, "Akukanizanso, bwana!" ndipo ambiri anaseka naye.

Munthu ameneyu ndimam'dziwa. Njala amapirira, ngakhale matenda, koma kusekedwa ayi. Ndinamva chinkuzamawu chikuzimitsidwa. Kenako anaika pakamwa pake pampata wa chitseko ndi felemu, pomwe ankadziwa kuti a kanema samva. Ankaganiza kuti amene waima kuseri kwa thabwalo ndine.

"Iwe," anatero. Sanali mawu a pa wailesi aja. Anali mawu a m'nyumba, otsika, otuluka pakati pa mano. "Ndikukumva kupuma. Tsegula msanga, usandichititse manyazi pagulu. Tsiku lija anakupulumutsa ndi aneba, ukudziwa. Usaganize kuti ndakalamba. Anthuwa apita kwawo, iwe utsala pompano."

Mu saluni monse munamveka, chifukwa chipindacho n'chaching'ono. Anesi anagwira pakamwa. Ine ndinayang'ana msana wa mwana wanga. Khutu lake linali pafupi ndi mpata uja kuposa tonsefe.

Ndinaimirira, n'kukweza mawu kuti amve bwino kumene ndili.

"Ndili kuno ine, ndikugwira ntchito. Amene ukumuopsezayo ndi mwana wako."

Kenako mawu okoma aja anabwerera msangamsanga. "Mwana wanga? Ndiwe? Ndimacheza ndi amayi ako, iwe. Tsegula, adadi akutengera kanthu."

Dzanja la Kachipeso linachoka pa kiyi pang'onopang'ono. Ndinkaganiza kuti abwerera kuchipinda kukalira. Koma anavula chikwama cha kumsana n'kuchigwetsa pansi, ananyanyamphira, n'kukoka mpiringidzo wachitsulo wa pamwamba, umene unali utachita dzimbiri chifukwa ine sindiufikira. Unalira ngati mwana wa mbuzi usanalowe m'malo mwake.

Atamva zimenezo, kugogoda kunasintha. Sikunalinso kwa dzanja limodzi. Anthu kunja, poganiza kuti ndi mbali ya chionetsero, anayamba kuwomba m'manja motsatira kumenyako, gitala n'kuyambiranso, tcheya akukuwa kuti ajambule bwino.

Mwana wanga anatembenuka n'kutsamira chitseko ndi msana, mapazi atawaponda zolimba pasimenti. Chibakera chilichonse chikagwa kunja, mapewa ake ankadumpha, nkhope ya bambo ake pamalaya paja n'kumagwedezeka. Misozi inkatsika mpaka kuchibwano koma sanaipukute.

"Amayi," anatero, "malizani mutu wa anesi."