Nyali za a Killion ndi Ana Oona Nyenyezi

Hopeson Chirwa analanda nyali za amalume ake, a Killion Mphande, mu Julaye chaka chatha, sabata imene mwezi unali mumdima. Anazitenga masanasana, eni ake ali kumaliro ku Chintheche.

Hopeson ndi manijala wa loji ina pagombe la Kande. Sabata imeneyo kunafika achinyamata ochokera ku Kenya, ku India, ku Jeremani ndi kwina, atanyamula makina oonera nyenyezi, aatali ngati misi. Ankati abwera kumsasa wa nyengo yotentha, chonsecho kuno mwera unali kulowa m'mafupa. Hopeson anali atawalonjeza mdima weniweni, wopanda kuwala kulikonse panyanja.

Koma mdima womwewo ndi umene a Killion amadyera. Iwo ndi siginala: amakhala m'bwato laling'ono ndi nyali, kuitana usipa kuti anzawo auzinge ndi ukonde waukulu wa chilimira. Mwezi ukamawala usipa subwera kunyali. Asodzi ena anapatsidwa matisheti ojambula nyenyezi, n'kuvomera kukaphera kutali. A Killion anakana tisheti, anakananso kusamuka.

Atabwerako kumaliro kuja, m'mawa mwake analowa pageti ya loji osaodira. Anapeza anawo ali pamzere, akusuzumira dzuwa pagalasi lakuda. Hopeson anathamanga kudzawachingamira.

"Asibweni, mwayuka uli?"

A Killion sanayankhe m'Chitonga. Anasankha Chichewa dala, kuti amve mphunzitsi wa ku Dedza, mayi Fanny, amene ankamasulira alendowo.

"Ndadzuka ngati munthu woberedwa. Nyali zanga."

"Sitinabe, asibweni, tangosunga. Alendo akapita mudzatenga."

"Akapita mwezi udzakhala utatuluka. Ndidzaitana chiyani, achule?"

Mayi Fanny anayandikira, manja atagwira pamodzi. "Bambo, pepani, ine ndimayesa munagwirizana. Anawa achokera kutali. Kwawo magetsi anachuluka, nyenyezi sizioneka."

"Ndiye akazimitse akwawowo. Anawononga mdima wawo, abwera kudzadya wanga?"

"Bwerani madzulo mudzaoneko nanu. Kuli dziko lina lovala mphete, lokongola zedi."

"Mayi, mphete imeneyo mungadyere kondowole? Nyenyezi zinalipo agogo anga asanabadwe, mwezi wamawa zidzakhalaponso. Usipa ndi wa sabata ino."

Mphunzitsiyo anatembenukira kwa mzungu wamkulu wa msasawo, koma Hopeson anamudula, n'kulankhula Chizungu chothamanga uku akuseka. Mzunguyo anamwetulira, n'kupereka tisheti kwa a Killion. Zimene Hopeson ananena a Killion sanazimve, koma kumwetulira kumeneko anakudziwa. Ndi kumene anthu amamwetulira nkhalamba imene auzidwa kuti mutu wake suyenda bwino.

Tishetiyo anailandira. Anapukutira matope a kumapazi, n'kuikoleka pageti.

Atafika kunyumba anatulutsa nyali ziwiri zakale zopopa, za parafini, zimene anasiya kugwiritsa ntchito zitabwera za mabatire. Akazi awo, a Belita, anaima pakhomo.

"Mukufuna kudana ndi mwana wa mlongo wanu chifukwa cha nyali?"

"Iye wagulitsa amalume ake chifukwa cha nyenyezi. Patseni machesi."

Kutada anapalasa bwato, koma sanapite kumene amapita masiku onse. Anaima moyang'anizana ndi loji, n'kupopa nyali zija mpaka zinalira ngati njoka. Kumtunda kunamveka phokoso la zilankhulo zambirimbiri. Hopeson anatsikira m'madzi mpaka m'mawondo.

"Asibweni, zimitsani! Mundichotsetsa ntchito!"

"Uza alendo ako kuti zatuluka nyenyezi ziwiri zatsopano! Azilembe!"

Pamalopo panali posaya, usipa sufikapo. A Killion ankadziwa zimenezo. Anabwererabe tsiku lililonse mpaka parafini anatha, osapha ngakhale wodzaza mbale. Eni chilimira anatopa nawo, n'kupeza siginala wina wa ku Mpamba.

Alendo anapita mwezi utayamba kuoneka. A Killion anatuma mawu kuloji, yankho linabwera lakuti kiyi wa kusitolo wasowa. Anatumanso, akuti abwana ali ku Mzuzu. Kachitatu sanatume, ndipo pakhomo pa mlongo wawo sanapondeponso.

Nyali za mabatire zija mpaka lero zili pampanda wa loji, zikuwunikira njira yopita ku bala yomwera mowa.