Zaka Zimene Luka Sanalembe

Efulemu Chimkwita sanali munthu wa mafunso. Anali mwana wa ku Mitundu wokwatira cha ku Nathenje, ndipo mkamwini wanzeru amalima fodya wake pakamwa atatseka. Gule wamkulu anamusiya chifukwa cha mkazi wake, Everlyn. Mayiyu ankadya mgonero yekha chikwatiwire, ndipo chifuwa chitayamba kumumaliza thupi anapempha chinthu chimodzi basi: aone mwamuna wake akubatizidwa, akhale naye pa gome la Ambuye ngakhale kamodzi. Efulemu analowa kalasi, bambo wa imvi pakati pa tiana, naloweza katekisimu movutikira. Loweruka kunali kusefa, tsiku loti akulu a mpingo amufunse mafunso, Lamulungu ubatizo.

Tsoka linamupeza pa msika wa Mitundu, akuchokera kuchipatala kotenga mankhwala a mkazi wake. Matipate anali atangobwera kumene, ndipo aliyense pakamwa panali patamasuka. Anthu amene dzana ankanong'ona ngakhale popempha mchere tsopano ankatsutsa chilichonse choyenda. Pafupi ndi ogulitsa kaunjika, mphunzitsi wina dzina lake Kenneth anali atamupanikiza mlaliki wa pamsika, a Isake.

"Alaliki, tandithandizani," anatero Kenneth. "Luka akuti Yesu anali m'kachisi ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Mukatsegula tsamba linalo, ali ndi zaka makumi atatu, bambo wandevu zake. Pakatipa adali kuti?"

"Ankapala matabwa," anayankha a Isake.

"Vesi yake yoti zaka zonsezo ankapala matabwa?"

A Isake anatsegula Baibulo, natseka, natsegulanso.

"Luka mwiniwakeyo sadamuone ndi maso, adachita kumva," anapitiriza Kenneth. "Ifenso kuno takhala tikumva zambiri pa wailesi. Nanga zonse zija zidali zoona?"

Anthu anafa nalo phwete. Efulemu yekha sanaseke. Anakwera njinga mutu utaima, ndipo anali ndi mantha enieni. Anasiya mwambo wa makolo ake chifukwa cha buku ili, ndiye lero amve kuti bukulo lili ndi chibowo chachikulu chonchi, ngati thumba lodyedwa ndi makoswe? M'kalasi palibe anamuuzapo. Kapena aphunzitsi a kalasi sankadziwa? Kapena ankadziwa, n'kumabisa? Sanadziwe choipa kwambiri n'chiti.

Yankho linamupeza lokha akudutsa pa nkhalango ya manda ena, njira ya fumbi yopita ku Nathenje. Anagwira buleki. Iye mwini, ali ndi msinkhu womwewo, amalume ake anamutenga kupita naye kudambwe kukameta. Anachoka ali mwana, anabwera ali munthu wamkulu. Amayi ake sanamufunse kumene anali, iyenso sananene, ndipo mpaka lero sananenepo. Wolemba mbiri ya Efulemu, atakhala wa mwambo wake, akanafika pamenepo akanadumpha. Ndiye Luka sanaiwale ayi. Luka anali munthu woleredwa! Efulemu anapalasa njinga akuimba nyimbo ya Mulungu.

Loweruka anamuitana m'vesitili. Munali akulu a mpingo awiri: a Maliro, amene ankafunsa mafunso ngati wapolisi, ndi a Pitala, nkhalamba yofatsa yosinzasinza. Malamulo khumi anawalakatula bwinobwino. Pemphero la Ambuye linayenda. Kenaka a Maliro anafunsa funso lotsiriza, losavuta kuposa onse.

"Mukhulupirira kuti Buku Lopatulika ndi loona lonse?"

Apa pankafunika liwu limodzi lokha, inde. Koma chimwemwe sichidziwa kukhala pansi.

"Inde, akuluakulu. Tsopano ndiye ndikhulupirira zenizeni, chifukwa za zaka zosowa zija ndazimvetsa."

"Zaka ziti?"

Efulemu anafotokoza zonse, za Kenneth, za manda, za amalume ake. A Pitala tulo tinabalalika.

"Bambo Chimkwita," anatero a Maliro, "ndiye mukuti Ambuye wathu adali kudambwe?"

"Sindidatero. Mwambo wa kwao sindiudziwa. Ndikungoti pali zina zimene munthu wamwambo sanena. Luka akadakhala wabodza, bwenzi atadzaza masamba onsewo, poti wabodza sasowa chonena. Koma adafika pamenepo n'kukhala chete. Munthu wotero ine ndimamukhulupirira."

"Buku likuti adabwerera ku Nazarete, nakula ndi nzeru ndi msinkhu womwe!"

"Eya, akuluakulu! Nzeru ndi msinkhu. Nanga mnyamata amakatenga chiyani kumeneko?"

A Maliro anaimirira, nakhalanso. Anatembenukira kwa mnzawo kuti awathandize, koma a Pitala anali akukanda m'mutu.

"Komatu a Maliro, kunena zoona, adali kuti?"

"A Pitala, inunso?"

"Ndangofunsa. Safunsa adadya phula. Ine ndimayesa adali ku Aigupto."

"Ku Aigupto adali khanda!"

"Oo. Nanga adabwerako liti?"

Anayamba kuvundukula masamba, uyu Mateyu, uyu Luka, malovu pa chala. Mateyu anali ndi Aigupto koma analibe za m'kachisi. Luka anali ndi za m'kachisi koma za Aigupto sanazitchule n'komwe. Marko anangoyambira pa mtsinje, munthu ali wamkulu kale. Efulemu anakhala pa benchi manja ali m'miyendo, akuyang'ana uku ndi uku, osadziwa ngati wosefedwayo ndi iye kapena Luka.

Pamapeto a Maliro anatseka buku mwamphamvu.

"Ndikufunseni chimodzi. Za kudambwezo, titati muulule pano kuti tione kuti mudazisiyadi, mungaulule?"

"Ayi, akuluakulu. Kuvina ndidasiya, ndipo sindidzabwererako. Koma ndidalumbira. Ndikaswa lumbiro lija lero, la mawalo mudzalikhulupirira bwanji?"

A Pitala anagwedeza mutu ngati akuvomereza. A Maliro anagamula kuti mtima wa munthuyu udakali pawiri, abwereze kalasi, adzayesenso chaka chikubwerachi.

Efulemu anatuluka osamvetsa kanthu. Anamufunsa ngati akukhulupirira, iye anati inde, ndipo anali asanakhulupirirepo kwambiri chonchi chibadwire. Nanga analakwa pati?

Everlyn anali atakhala pa khonde la tchalitchi atatsamira khoma, atafunda zitenje ziwiri dzuwa likuswa mtengo. Anali atakakamira kubwera pa kaliyala ya njinga. Anamuyang'ana nkhope mwamuna wake, ndipo sanafunikenso kufunsa.

"Ati chaka chikubwerachi," anatero Efulemu. "Koma mayi, ndidayankha zoona. Mwina akabwera abusa ndikafotokozenso bwino, chifukwa nkhani yake ya Luka ndi yoti..."

Everlyn anatsokomola nthawi yaitali, mpaka misozi. Atapeza mpweya anagwira dzanja la mwamuna wake, osati mokwiya, naimirira pang'onopang'ono.

"Mudzawafotokozere, bambo," anatero. "Inu nthawi muli nayo. Mukadzabatizidwa, mudzandikhalireko pa gomepo."