Maliro a Enerst Opanda Nyimbo

Salama uja, mwana wa ku Mangochi, anasiya mzikiti chifukwa cha mwamuna. Mwamunayo, Enerst, dalaivala wa minibasi ya ku Kawale, anamuperekeza ku tchalitchi kamodzi kokha, n'kumusiya pakhomo ngati katundu. Iyeyo Lamulungu lake linali la pamsewu.

Koma mkaziyo ayi ndithu, sabata iliyonse anali pa benchi ya kumbuyo, mwana kumsana, kuyimba nawo ngakhale mawu osawadziwa. Tsiku loyamba anamuombera m'manja monga mlendo, basi zinathera pomwepo. Zolengeza ankaziwerenga mothamanga ngati akuthawa mvula, chimkuzamawu chikulira, akuti a mphakati wakuti mukumana kwa auje. Salama ankayesa mphakati ndi msonkhano wa anthu a maudindo. Palibe anamukokera pambali n'kumuuza kuti pampingo munthu amadziwika Lachinayi, m'makomo mwa anzake.

Ndiye Enerst anadwala, n'kumwalira. Salama anathamangira kwa a Lucious, mkulu wa mpingo, n'kugwada pakhonde.

"Abambo, kwathu kwagwa zovuta. Amuna anga atisiya."

"Pepani, mayi. Ndinu a mphakati uti?"

"Ndimabwera Lamulungu lililonse. Mumandiona."

"Kukuonani timakuonani. Koma maliro amayendetsa ndi mphakati. Oyimba, ophika, wolalikira, onse amachokera kumeneko. Timalengezatu sabata ndi sabata."

"Ndiye ndilowe lero, abambo."

"Maliro ali m'nyumba? Anthu angatidye amoyo, mayi. Ena tinawakaniza kale."

Anabwerera yekha. Pofika, anapeza apongozi ake, a Lettie, atatsika kale kuchokera ku Dowa. Gogo ameneyo pakamwa ndi lumo. Analira pang'ono, n'kupukuta m'maso, n'kuyamba kumwaza maso pabwalo.

"Amayi a yunifomu ali kuti? Kwaya ili kuti? Mwana wanga ndinamubatizitsa ine, lero agone duu ngati galu wogundidwa?"

Salama anafotokoza za mphakati zija.

"Eee! Ndiye kutchalitchiko unkakatani, mpongozi? Kukaonetsa zitenje?"

Idrissa, mchimwene wake wa Salama, wosoka zovala ku Biwi, anayesa kuziziritsa. "Amayi, ife tabwera kudzakhala nanu. Kungoti kumupempherera kwathu sitingathe, mukudziwa."

"Wakupemphani ndani? Khalani chete ndi kachipewa kanuko!"

Apo Mirriam, mlongo wake wa malemuyo, anadzambatuka pamphasa. "Amayi, musiyeni mlamu. Mwana wanu wobatizidwayo tchalitchi anachiona liti? Ngakhale Khirisimasi ankanyamula anthu!"

"Iwe usandiyankhe! Wako mwamuna anakuthawa ali moyo!"

Zinagundika. Oyandikana nawo anadzaza mpanda, osati kudzalira, koma kudzamvetsera. Salama anakhala pafupi ndi bokosi, manja pamiyendo. Anayesa kukumbukira pemphero lililonse. La kwawo ankaopa kulinena pamaso pa apongozi. La kutchalitchi ankangodziwa ameni.

Masana lole inabwera yonyamula thupi kupita ku Dowa. Madalaivala anzake a Enerst anakweza bokosi mwakachetechete. Itayamba kuyenda, a Lettie anakweza nyimbo ndi mawu awo osasa, n'kudikira oyankha. Mirriam anayang'ana kumbali, adakali wokwiya. Madalaivala anawerama. Gogoyo anatembenukira kwa Salama.

"Yankha, iwe. Mwamuna wako uyu."

Salama anatsegula pakamwa. Kayimbidwe kake ankakadziwa bwino. Anang'ung'udza chapansipansi mpaka pa mlatho wotulukira m'tauni, osatchula liwu ngakhale limodzi.