Nyumba ya Ba Whyson ya ku Siavonga

Amuna anga, Ba Whyson, anali munthu wabwino, koma pakamwa pawo panalibe chitseko. Mzimu wawo uwuse mumtendere, komabe ndinena. Tikapita kumudzi ku Katete, asanavule n'komwe nsapato, amakhala atayamba kale: "Nyumba yanga ya ku Siavonga, mukangotsegula zenera, madzi ali apa." Ine ndinkawatsina pantchafu. Iwo ankangosuntha mwendo n'kupitiriza.

Nyumbayo kunalibe. Chimene chinalipo ndi ichi. Zaka zimene kampani yawo yonyamula katundu inkayenda bwino, mtsikana wina wovala jekete anawakola pamashopu m'tauni n'kuwaitanira ku hotelo kukamwa tiyi. Anabwerako atagula sabata imodzi pachaka m'kanyumba ka paloji ina m'mbali mwa nyanja ya Kariba. Sabata imodzi basi. Masabata enawo ali ndi eni ake amene sitinawaonepo.

Sabatayo amaiwerengera m'mapoyinti. Ngati chaka chimenecho simukufuna Siavonga, mumaponya sabata yanu m'thumba la onse, wina wakutali n'kuitenga, inu n'kupatsidwa mapoyinti okagonera kwina, kaya ku Livingstone kaya ku Durban, pokhapokha ngati kumeneko wina waponyanso yake. Nyengo ya Khirisimasi imadya mapoyinti ambiri, yozizira ochepa, ndipo mukawasunga nthawi yaitali amafa okha. Ine ndinazimva msanga chifukwa ndimasewera chilimba, kusonkherana ndalama mosinthana, ndi amayi anzanga apamsika: chako ndi tsiku lako lolandira, osati thumba lonse.

Ba Whyson anamwalira chaka chija magetsi ankazima kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ufa ukukwera mtengo mwezi ndi mwezi. Kampani inali itatseka kale. Anandisiyira mwana mmodzi, Hilda, amene ankalemba mayeso a giredi thwelofu chaka chomwecho, ndi nyumba yathu ya ku Matero ya zipinda zogona ziwiri. Nyumba imeneyi ndi imene ndinkaopera. Usiku ndi usana mtima unali pa iyo.

Titaika maliro, abale anakhala pansi pabalaza n'kusankha Ba Moven, akulu awo a malemu, kuti akhale woyang'anira chuma chamasiye. Ba Moven anali atachotsedwa ntchito kumigodi. Ankakhala ku komboni ya George m'chipinda chimodzi chalendi ndi mkazi ndi ana asanu, ndipo mwini nyumba anali atawachotsera kale chitseko kuti achoke. Sindikunena kuti anali mfiti. Anali munthu wopanikizika, ndipo munthu wopanikizika amaluma.

"Mulamu," anatero, atapinda manja pamimba, "ife sitili monga banja zina zimene zimathamangitsa mkazi wamasiye. Imwe na mwana khalani muno mu Matero. Ife mutipatse chabe nyumba ya ku Siavonga. Tizaika alendi, bana badyeko."

"Ba mulamu, ku Siavonga kulibe nyumba."

Ba Philomena, mlongo wawo, anawomba m'manja kamodzi. "Yayamba."

Ndinafotokoza zonse, za sabata, za thumba, za mapoyinti. Ndinafotokoza mwaulemu, nditagwada, mpango wakuda uli kumutu. Ba Moven anatambasula dzanja n'kuloza chithunzi chimene chinali pakhoma: Ba Whyson atavala kabudula, ataima pakhomo la kanyumba kofolera udzu, kiyi atamukweza m'mwamba.

"Uyo ni ndani?"

"Ni mng'ono wanu."

"Wagwira chani?"

"Kiyi."

"Munthu amagwira kiyi wa sabata? Sabata ili na chitseko?"

Ena anaseka. Ine magazi anawira, koma ndinameza. Ndinatulutsa mapepala a loji, iwo anangowayang'ana pamwamba n'kunena kuti amenewa ndi oonetsa alendo, enieni ndabisa. Ba Philomena anati mwina ndalembetsa kale nyumbayo m'dzina la mchimwene wanga. Mawu omaliza a Ba Moven anali akuti ndikapitiriza kubisa, ndiye kuti ndasankha ndekha: nditenge Siavonga, iwo atenge Matero.

Lamulo lilipo, ndikudziwa, ndipo limaima ndi mkazi wamasiye ndi ana. Koma lamulo siligona nawe pabalaza. Abale ena atabalalika, Ba Moven anatsala. Anayala mphasa pafupi ndi wailesi yakanema, malaya awo n'kukoleka pamsomali wa Ba Whyson. M'mawa ndinkawapeza akuyenda kuzungulira nyumba, akugogoda khoma ndi chala ngati munthu wosankha chivwende.

Hilda analeka kudya bwino. Tsiku lina ndikumuluka tsitsi kuseri anandifunsa, "Amayi, tikachoka muno ndizalembera kuti mayeso?"

"Sitichoka."

"Nanga ngati sabakhulupirira?"

"Bazakhulupirira. Chilungamo sichiwola."

Ndinayankha molimba, koma ndinamukoka tsitsi mosazindikira, iye n'kulira. Maganizo anga onse anali amodzi: anthu awa aone okha kuti sindinabise kanthu. Kundiyesa wakuba ine Mainess, amene ndinasambitsa m'bale wawo miyezi yonse ya matenda iwo osaponda n'komwe kuchipatala, zinkandiwotcha kuposa njala.

Loweruka lina m'mawa Ba Moven anagogoda pachitseko cha kuchipinda kwanga. "Valani, tiyende ku Siavonga. Foni yanu mubweretse kuno, mungachenjeze alendi banu."

Ndinawapatsa foniyo. Ba Philomena tinawapeza ali kale pasiteshoni, atanyamula chikwama chachikulu chopanda kanthu, akuti chotengeramo makatani ndi mapoto a m'bale wawo.

Ulendo wonse ndinali ndi mantha. Nanga tikapeza loji yatsekedwa, monga zinkatsekera zinthu zambiri chaka chimenecho? Nanga tikapeza wantchito watsopano wosadziwa kanthu? Nanga kanyumbako kakakhala kopanda munthu, Ba Moven n'kuthyola loko n'kukhalamo, apolisi n'kutimanga tonse? Minibasi inkatsika mapiri aja ikulira mabuleki. Ndinapemphera mapemphero onse amene ndimawadziwa, ena kawiri.

Tinafika dzuwa lili paliwombo. Nyanja inali itathawa kutali, patsala matope ouma ndi mabwato ogona cham'mbali. Ba Moven sanafune zopita ku ofesi. Anatulutsa chithunzi chija, chimene anachichotsa pakhoma osandipempha, n'kumayenda nacho kanyumba ndi kanyumba mpaka anapeza kofanana, kokhala ndi mtengo wa mlambe kumbuyo.

Pakhonde panali matawulo oyanikidwa ndi nsapato za ana. Mayi wina wonenepa bwino, wovala magalasi akuda, anali kusenda lalanje.

"Mwaona?" anatero Ba Philomena. "Alendi."

Ba Moven anakwera pakhonde osaodira n'komwe, n'kufunsa mayiyo m'Chingerezi kuti lendi amalipira kwa ndani. Mayiyo anavula magalasi n'kutiyang'ana mmodzimmodzi. Anati iye ndi wa ku Gaborone, salipira lendi kwa munthu, ali ndi sabata yake paloji ina ku Kasane, chaka chino anaiponya m'thumba ndipo mapoyinti ake anamugwetsera kuno. Loweruka likudzali achoka, kubwera ena.

"Mwamuphunzitsa bwino," anatero Ba Moven, akundiyang'ana.

"Na foni iti, ba mulamu? Ili m'thumba mwanu."

Mayi uja anali ataitana kale mlonda, ndipo mlondayo anatiperekeza ku ofesi. Kumeneko kunali kotentha ngati mu uvuni, magetsi kulibe. Tinapeza mayi wachikulire wa tsitsi la imvi, dzina lake Ba Kafula, akudzipepesera mphepo ndi katoni. Nditatchula dzina la amuna anga, Whyson Tembo, anaika katoniyo pansi.

"Ba Tembo bamene banali kukonda kuseka? Bali bwanji?"

"Tinaika mwezi watha."

Anandigwira dzanja nthawi yaitali. Kenako anandiuza zimene ndinkazidziwa kale, koma Ba Moven anali asanazimve. Matenda atakula, Ba Whyson anaimba foni n'kuponya sabata ya chaka chino m'thumba. Ankafuna malo ku Johannesburg pafupi ndi chipatala, kuti ine ndikapeze pogona iwo akakagonekedwa. Anawalemba pamzere wodikira. Tinadikira, tinadikira, kumeneko palibe amene anaponya sabata yake. Yathu inatengedwa ndi banja lina la ku Ndola, ife n'kutsala ndi mapoyinti.

Ba Moven anaika chithunzi patebulo. "Mayi, ine nifuna chinthu chimozi. Iyi nyumba ni ya ndani?"

"Ni ya loji."

"Mufana wanga anagula chani?"

"Sabata."

"Pansi apa, dothi, ni ya ndani?"

"Ya loji."

"Njerwa? Malata? Olo chitseko chabe?"

"Ba tate, ni udzu, kulibe malata. Ndipo palibe chake olo supuni. Banthu bamene bali na sabata mu nyumba iyo ni bambiri, bangazaze basi yaikulu. Aliyense amajambulitsa pakhomo na kiyi, monga mufana wanu."

Anatsegula kabati n'kutulutsa buku la zithunzi limene alendo amasiya. Anatsegula masamba pang'onopang'ono. Mzungu wadazi pakhomo lomwelo. Mmwenye ndi ana ake pakhomo lomwelo. Abusa ena atavala kolala, kiyi m'mwamba, mlambe kumbuyo. Ba Philomena anakhala pampando, chikwama chawo chopanda kanthu chili pamiyendo.

"Nanga mapoyinti," anafunsa Ba Moven, mawu atatsika, "tingagulitse?"

"Mungayese. Koma masiku ano aliyense afuna kugulitsa, wogula kulibe. Ngati mufuna, tingasinthe dzina, mubwere mugoneko sabata imozi chaka chamawa."

"Sabata imozi. Na bana basanu. Pambuyo pake tiyende kuti?"

Ba Kafula anatolanso katoni yawo.

Ine pamenepo mtima unayera. Ndisaname, ndinasangalala, ndipo chisangalalocho chinandikwera mpaka kumutu. Mwezi wathunthu akunditcha wakuba m'nyumba mwanga. Ndinaimirira, ndinamanga chitenje bwinobwino, n'kuwayang'ana onse awiri.

"Mwamva na matu yanu? Ba Philomena, makatani mwatenga? Mapoto yakwana mu chola? Nenani kuti Mainess sanabise kanthu. Nenani pano, pamaso pa aba mayi."

Ba Philomena anayang'ana pansi. Ba Moven anatulutsa foni yanga m'thumba n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Mulamu, munanena zoona. Tinakulakwirani."

Mawu amenewo ndinawalandira ngati madzi ozizira. Potuluka ndinawagulira onse awiri nthochi pageti, ine ndemwe, kuti aone kuti sindisunga mangawa. Ndinatumizira Hilda uthenga kuti zatheka, aphike tiyi.

M'minibasi yobwerera tinakhala mpando wakumbuyo, ine pakati. Ba Philomena anagona msanga, mutu uli pagalasi. Ba Moven sanadye nthochi yawo. Anaigwira m'manja, maso ali panja, pamene matumba a makala anali ndandanda m'mbali mwa msewu opanda wogula. Ine ndinali kuganiza zochapa makatani a pabalaza ndi kubweza chithunzi pamsomali wake.

Titayandikira Kafue, Ba Moven anakhosomola.

"Ndiye kuti nyumba ni imozi chabe," anatero.

Sanali kufunsa ine. Ankalankhula ngati munthu wowerengera ana ake ali mtulo. Koma ine ndinazindikira chimene ndachita. Mwezi wonse uja, chimene chinkawaletsa kubweretsa banja lawo ku Matero chinali nyumba ya ku Siavonga. Malinga ngati inalipo m'mitu mwawo, anali ndi kwina koyang'ana. Ndipo ine ndemwe, ndi mapemphero anga onse, ndinali nditangoigwetsa mpaka pansi.

"Ba mulamu," ndinatero, "paja munati ine na mwana tikhale mu Matero."

"Ninanena."

"Ndiye?"

"Ninanena pamene nyumba zinali ziwiri."

"Hilda alemba mayeso mwezi wamawa."

"Azalemba. Palibe amene amuthamangitsa. Imwe na iye mungagone chipinda chimozi, si ndimwe bakazi mwekamweka?"

Kondakitala anali kutolera ndalama, wina kutsogolo akukangana naye za chenji. Ba Moven anaika nthochi ija pamwendo panga mosamala, n'kutulutsa foni yawo yong'ambika galasi. Anaimbira akazi awo, n'kudikira, chala chili m'khutu linalo chifukwa cha phokoso la injini.

"Amake Petros? Yambani kumanga katundu. Mupeze wa wilibala abwere m'mawa." Anamvetsera pang'ono. "Awe, osati ku Siavonga."